Pamwamba pa Chipinda cha Lachitatu

Mvula yoyamba inagwa Loweruka masana. Inali yochepa, yongopha fumbi, koma inakwanira kuulula denga lililonse lobooka. Kuyambira tsikulo mitambo inkaunjikana chakum'mawa dzuwa likangopendeka, yakuda kumimba, ndipo nyenje zinkalira osapuma. Aliyense amene anagona ndi chidebe pakati pa chipinda anadzuka n'kuyamba kufunafuna munthu wa hamala ndi makwerero. Nyengo imeneyi siidikira munthu. Lata limene sunalikhome lero, mawa ukalitola kwa aneba.

Masiku ngati amenewa ndi amene anthu amakumbukira Wamalata. Ndi bambo wamfupi, wouma thupi, wa zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo zikhatho zake zili ndi tizipsera topyapyala tosawerengeka. Anakulira kumudzi, kumene anayamba kukwera padenga ali mwana, akulandira mitolo ya udzu imene bambo ake ankamuponyera. Mlongo wake atakwatiwa ndi kalipentala wa m'tauni, iye anatsatira, ndipo alamu akewo ndi amene anamuphunzitsa za malata: kuponda pamzere wa misomali pokha, pamene pansi pake pali thabwa; kusanyamula lata mphepo ikuwomba; kukhoma msomali pamsana wa lata, osati m'kangalande modutsa madzi. Zaka makumi awiri zinamuzoloweretsa moti ngakhale pansi amayenda chammbali pang'ono, akuyang'ana poponda. Mayina a misewu sawadziwa. Tauni yonse amaidziwa ndi madenga ake.

Mowa anauyambira pantchito pomwepo. Denga likatha, mwini nyumba amagulira amisiri chakumwa, onse n'kukhala pamthunzi umene angoupanga kumene. Anzake ankamwa, n'kudzuka, n'kupita kwawo. Iye ankatsala, kuonetsetsa kuti botolo lisabwerere ndi kanthu. M'miyezi yozizira, pamene palibe amene amaganiza za denga, masiku ankatalika, ndipo iye anapeza chofupikitsira. Patapita zaka anayamba kulawa m'mawa, kuti manja asiye kunjenjemera asanagwire hamala. Mkazi wake analankhula mpaka mawu anamuthera. Kenako anangoyamba kumusiyira chakudya patebulo, mbale yovundikira, osafunsa kanthu.

Linali Lachisanu pamene lata linamupulumuka ali pamwamba. Linatsika chopendekera n'kukazikika m'dothi, phazi limodzi kuchokera pamene alamu ake anaima akuyeza thabwa. Alamuwo analiyang'ana latalo nthawi yaitali. Kenako anati, "Alamu, tsikani."

Atatsika, anamuyandikira n'kumununkhiza ngati mmene mayi amanunkhizira mkaka wa dzulo.

"Ine ndinakwatira mlongo wanu, sindinakwatire botolo lanu," anatero motsitsa mawu, kuti amisiri anzawo asamve. "Ndikadzangomvanso fungo limeneli, kaya ndi pantchito kaya ndi pamaliro, hamala yanu mukakhomere kwina. Ndipo palibe adzakubwerekeni makwerero m'tauni muno, chifukwa wowauza ndidzakhala ine."

Anasiya mowa tsiku lomwelo. Masiku atatu oyamba thupi linkanjenjemera ngati la munthu wa malungo, ndipo Lolemba mkazi wake anamukokera kuchipatala. Namwino anamupatsa mankhwala, n'kulemba kuseri kwa kapepala: Lachitatu, 3 koloko masana, chipinda cha kuseri.

"Kumeneko kumakumana anthu amene anasiya, ndi amene akulimbana n'kusiya," anatero namwinoyo. "Si madokotala, si abusa. Ndi anthu ngati inu nomwe. Nokha simutha, bambo."

Lachitatu loyamba anafika mpaka pageti la chipatala, n'kupitirira ngati munthu amene akupita kwina.

Koma tsopano denga limene ankakhoma ndi alamu ake linali litatsala pang'ono. Linali loti lithe Lachisanu, ndipo mwini nyumbayo, bambo wokonda kuoneka, anali atalengeza kale kuti wagula makireti awiri a mowa. Wamalata ankadzidziwa. Botolo lili patali ankatha kulikana. Koma botolo lozizira, loikidwa m'dzanja lake ndi mwini nyumba pambuyo pa tsiku lonse akupsa pamalata, anali asanalikanepo chibadwire. Gulu lija linkakumana Lachitatu lokha. Likamuphonya ili, Lachisanu limupeza yekha.

M'mawa wa Lachitatu lachiwiri, akumanga zingwe za nsapato pakhomo, mkazi wake anaima kumbuyo kwake ndi tsache m'manja.

"Lero ndi Lachitatu," anatero.

"Ndikudziwa."

"Sindinanene kanthu. Ndangotchula tsiku."

Itakwana 1 koloko anatsika padenga n'kuyamba kulongedza zida m'chikwama.

"Nanga izi?" anafunsa alamu ake. "Mvula ili pamphuno, inu mukulongedza?"

"Pali mayi wina denga likumudonthera pabedi. Ndinamulonjeza. Mawa ndilawirira."

"Mayi wake uti?"

"Simumudziwa."

Alamuwo anamuyang'ana, misomali iwiri ili pakamwa. Anailavulira m'dzanja. "Mawa ndidzayamba ndi kukununkhizani. Moni pambuyo."

Zidazo sankazifuna kumene ankapita. Anazinyamula kuti aliyense womuona m'njira aganize kuti akupita kuntchito.

Kuseri kwa chipatala anapeza chitseko chokhoma, ndipo atasuzumira pazenera anaona makatoni okhaokha. Anamva kupepuka koipa: ndayesa, kulibe, si mlandu wanga. Anali atatembenuka kale pamene mayi wokolopa anatulukira pakona ndi ndowa.

"Mukufuna ndani, bambo?"

"Anthu aja amakumana muno Lachitatu."

"Ati? A shuga? A sikelo ya ana? Muno mumakumana anthu ambiri."

"Aja..." Anayang'ana uku ndi uku. "A mowa. Ndikufunsira mnzanga."

"Ee, onse amafunsira anzawo," anatero mayiyo akufinya chikolopa. "Mukamuuze mnzanuyo kuti anawasamutsa sabata yatha. Pano amakumana kuholo yakale, kuseri kwa depoti ya mabasi. Mukadutsa pogulitsa matayala mukhotere kumanja, ndiye pali saluni, mukailambalala pali..." Anaona kuti bamboyo watayika kale. "Nyumba yaitali, ya denga lobiriwira losuluka."

"Lopindika pakati ngati msana wa bulu?"

"Lomwelo. Fulumirani, mnzanuyo angachedwe."

Njira yachidule yopita kudepoti imadutsa pakhomo pa bala imene anamweramo zaka khumi ndi zisanu. Yozungulira ikanamudyera theka la ola, ndipo nthawi inali itapita kale. Anadutsa pomwepo. Kunali kutentha kopanda mphepo, kumene kumabwera mvula ili pafupi, malaya atamatira kumsana. Pakhonde la balayo panakhala anzake atatu akumowa.

"Taonani, abusa akudutsa!"

"Aise, akuti unabadwanso mwatsopano? Tabwera tikubatize!"

Wina anakweza botolo, mame ake akutsetsereka pagalasi. Wamalata anamva malovu akudzaza mkamwa. Miyendo inachepetsa yokha liwiro, ngati ng'ombe yafika pafupi ndi khola lakwawo.

"Ndili ndi denga likundidikira," anatero, n'kugwedeza chikwama kuti zida zilire. Anayenda osacheuka, akuwerenga mapazi, mpaka kuseka kuja kunamira m'phokoso la mabasi.

Holoyo inali ndi mpanda wa waya, ndi mtengo umodzi umene unali utangophukira masamba ofiira. Chitseko cha chipinda cha kumapeto chinali chotsegula. Ali pageti anaona mipando yoikidwa mozungulira, ndi anthu osakwana khumi. Amene ankathira madzi m'ketulo anali mayi woti iye ankamudziwa bwino: telala wa pafupi ndi msika, mayi waulemu wake, amene amasokera mkazi wake madiresi, amene iye anamukhomera khonde la shopu chaka chatha. Anaima pomwepo. Sanadzifunse kuti mayiyo akutani m'chipindamo. Anangoganiza chimodzi: andiona.

Mlonda, nkhalamba yovala jekete lalikulu ngakhale kunkatentha, anatuluka m'kanyumba kake. Maso ake anagwera pachikwama.

"Mwafika, amisiri! Chiyambire Lolemba ndikukudikirani. Akuofesi anati atumiza munthu, ine ndimati ndi bodza lawo lomwe lija. Likudontha ndi lakumapetoko, pamene pali anthuwo. Makwerero ali kuseri."

Panali mawu anayi okha oti anene: sindinabwerere denga, ndabwerera msonkhano. Anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Makwererowo ndi olimba?"

Malata anali otentha moti ankawotcha kudzera m'nsapato. Anayenda pamzere wa misomali mpaka kumapeto, n'kugwada. Vuto silinali lofuna kufufuza. Mizere itatu yathunthu, misomali inakhomedwa m'tingalande modutsa madzi, uliwonse utazingidwa ndi dzimbiri. Anatukwana chamumtima amene anachita zimenezi: ntchito ya munthu wosaphunzira, kapena wakhungu. Kenako maso ake anafika pamphepete. Mmisiri aliyense ali ndi kapindidwe kake ka ngodya ya lata lomaliza. Iye amaipinda kawiri n'kuimenya kuti igone, isadzacheke munthu. Palibe wina m'tauni muno amene amatero. Ngodya imene inali patsogolo pake inali yopinda kawiri.

Anaikhudza ndi chala. Anayang'ana denga lonse, mtengo uja, mabasi pansipo, kufuna kukumbuka tsiku limene anagwada pamalo omwewa. Sanapeze kanthu. Dengali ankalidziwa poliona patali, koma tsiku lathunthu la ntchito, mwina masiku awiri, munalibe m'mutu mwake. Nanga ndi madenga angati ena amene ali chonchi, ana a anthu akugona pansi pake? Thukuta limene linatuluka pamenepo linali lozizira.

Anatulutsa hamala n'kuyamba kuzula. Atazula misomali isanu, mawu a telala uja anakwera kuchokera pansi, omveka bwino chifukwa chipindacho chinalibe siling'i.

"Amisiri! Pepani kumwambako. Tatipatsaniko kanthawi, abambowa amalize kulankhula. Muno sitidulana mawu."

Anakhala pamalata, hamala ili pamiyendo. Kukhoma sakanatha, kutsika kunamuopsa. Anangotsala ndi makutu.

Wolankhulayo anali ndi mawu okhuthala, a munthu wamkulu, ndipo anzake ankamutchula kuti Adalaivala.

"Ndiye Loweruka kunali ukwati wa mwana wa achimwene anga. Inu mukudziwa, zaka zinayi sindinalawe. Koma mmene anatsegula bokosi la ayezi lija, ine mawondo lobodo. Zaka zinayi zonse zinathawa, ndinatsala ine ndi botolo."

"Ndiye munatani, madala?" wina anafunsa.

"Ndikanatani? Si Aphunzitsi ali apawa anandiperekeza? Anandikanikiza botolo la zotsekemera m'dzanja, akuti dzanja lodzaza sililandira mphatso. Likatha, lina. Likatha, lina. Ndinamwa asanu ndi limodzi. Mimba ngati ng'oma. Akuchikazi ankanong'onezana kuti bambo aja ali ndi pakati."

Chipinda chonse chinaseka. Wamalata sanaseke. Anali asanamvepo munthu akunena poyera za mawondo amenewo. Ankayesa ndi ake okha.

Analankhula wina, mtsikana wa mawu otsika, amene anati wagwa Lamlungu atapirira miyezi iwiri. Palibe anamukalipira. Wina anangoti, "Koma wabwera. Tiyambirenso kuwerenga." Kenako telala ananena zake, za botolo limene ankalibisa m'kabati ya makina osokera, pansi pa zidutswa za nsalu, zaka zisanu ndi ziwiri, ndi za diresi laukwati limene analidula molakwika m'mawa wina manja akukana. Wamalata anayang'anitsitsa lata limene anakhalapo, ngati angaone nkhope ya mayiyo kudzera pamenepo.

Mphepo inafika mwadzidzidzi, yozizira, yonunkhira dothi lonyowa. Mapepala anauluka kudepoti. Chakum'mawa madenga anayamba kuzimiririka mzere ndi mzere kuseri kwa chinsalu chotuwa. Anayerekeza kuti 4 koloko yatsala pang'ono. Akatseka pansipo aliyense azipita kwawo, iye atsika ngati mmisiri, mlonda amuthokoza, basi, zathera pomwepo. Madontho oyamba anamenya malata, akuluakulu, otalikirana. Mabowo asanu a misomali imene anazula ija anali pululu. Anafuna kuwamata ndi phula, koma chitini chake chinakana kutseguka. Mphezi inang'anima pafupi.

"Amisiri, tsikani!" anafuula mlonda. "Mukafera pamenepo wofunsidwa ndine!"

Anafika pansi mvula itayamba kukhuthuka, ndipo pousa papafupi panali m'chipinda chomwecho. Anaima pambali pa chitseko, chikwama atachikumbatira. Madzi ankatsika m'mabowo asanu aja ngati zingwe, anthu akukoka mipando, wina akuthamanga ndi beseni.

"Amisiri awa ndi amakono," anatero bambo waimvi, wa mawu okhuthala aja. "Ena amatseka mabowo, awa amawonjezera."

"Asiyeni, Adalaivala," anatero telala. Kenako anamuyang'anitsitsa. "Aa, si inu munandikhomera khonde? Akunyumba ali bwanji? Landirani tiyi, mwanyowa."

Analandira kapu ndi manja awiri, koma tiyi ankatayikirabe m'mbali. Anaona Adalaivala akuyang'ana manjawo, kenako n'kuyang'ana kwina mwaulemu.

"Tiyeni titseke tisanamire," anatero telala. "Alipo amene watsala ndi mawu?"

Mvula yokha inkalankhula. Wina anayamba kuimirira, akutenga ambulera.

"Dengali ndinakhoma ndine," anatero Wamalata.

Mawuwo anamira m'phokoso la malata. Anabwereza, mokweza kuposa mmene anafunira.

"Ndiye ndinu!" anatero mlonda, amene anali atausa pakhomo. "Zaka zitatu ndikuthamanga ndi ndowa, kumeneku ndinu!"

"Ndinali nditaledzera. Sindikukumbuka n'komwe kuti ndinakwerapo." Anayang'ana m'kapu. "Ine akuofesi sananditume. Zidazi ndangonyamula kuti anthu asandifunse. Lero ndi tsiku la khumi ndi chiwiri. Lachisanu tikumaliza denga, mwini nyumba wagula makireti awiri. Ndikangolawa, alamu anga andichotsa ntchito, ndipo ine ntchito ina sindidziwa. Sindikudziwa kuti ndikakana bwanji."

Palibe anadabwa. Wa ambulera uja anakhalanso pansi.

"Ola lonse munali pamwamba pathu mukumvetsera?" anafunsa telala mofatsa.

"Ee, mayi."

"Ine tsiku loyamba ndinabwera ndi tepi m'khosi, ndinati ndadzayeza makatani. Ndinayeza mazenera onse, lililonse kawiri."

"Ndipo makataniwo mpaka lero tikuwadikira," anatero Adalaivala.

Mlonda anapukusa mutu. "Zonsezo ndamva. Koma dengali akonza ndani?"

"Ndikonza ndine, agogo. Mvula ikangokata."

Adalaivala anakokera mpando wopanda munthu pafupi ndi wawo, n'kuumenya ndi chikhatho kuti Wamalata akhalepo. "Lachisanulo mumaliza nthawi yanji?"

"Cha m'ma 4."

"Ine ndifika 3. Mukanene kuti ndine malume anu, ndabwera kudzaona ntchito ya mphwanga. Mukamatsika makwerero mupeza dzanja lanu ladzaza kale. Tikamwa zotsekemera mpaka mano apweteke, kenako ndikakuperekezani mpaka pakhomo panu."

"Alamu anga amawadziwa amalume anga onse."

"Ndiye mukawauze zoona, n'zopepuka kunyamula. Koma tamverani, achimwene. Pakati pa lero ndi Lachisanu pali mawa, ndipo mmero sudziwa kalendala. Lembani nambala yanga. Mawondo akangoyamba, imbani. Musadikire kuti afike pansi."

Foni ankaisiya kunyumba masiku okwera padenga. Anapapasa m'matumba, koma munalibe chouma. Anaika kapu pansi, n'kutulutsa hamala ndi pensulo ya ukalipentala m'chikwama. Anapukuta mpini wa hamalayo pabuluku. Adalaivala ankatchula nambala imodziimodzi, akudikira. Nambala yachitatu anaidutsa kawiri kuti ioneke. Analemba mpaka yomaliza, kumapeto kwenikweni kwa mpini.